Tsiku Limodzi mu Livingstone, Likulu Limene Linasiyidwa

Anthu ambiri a ku migodi ndi a m'matauni a m'mbali mwa njanje adziwa dzina la Livingstone cifukwa ca mathithi a Mosi-oa-Tunya. Akapeza masiku a chuti akwera basi, nalunjika ku mathithi, nabvumbwa ndi nthunzi ya madzi, najambulitsa zithunzi, nabwerera kwao. Mzinda weniweniwo angoupyola monga munthu apyola pa bwalo la mwini popita ku citsime. Komatu mzinda umenewu ndiwo unali likulu la dziko lino zaka 24, kuyambira 1911 kufikira 1935, ndipo nyumba zace zambiri za masiku amenewo zikali ciriri.

Livingstone uli pa mtunda wa makilomita ngati 470 kucokera ku Lusaka, ndi makilomita ngati 10 kucokera ku mathithi. Pakati pa mzinda mpocepa, kotero kuti tsiku limodzi likwanira munthu kuona zinthu zace zazikuru ngati alawira. Koma akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Mlendo wothamanga aona makonde ndi malata akale basi. Mlendo wodekha afunsa mafunso awiri: cifukwa ninji nyumba izi zinatsala pamene za m'mizinda yina zinagwetsedwa, ndiponso, anthu amene anaumba njerwa zace anali kugona kuti? Mayankho ace akhudza munthu ali yense amene adya za mkuwa.

M'MAWA: MANDA A KU OLD DRIFT

Ulendo uyenera kuyambira ku mtsinje, pakuti mzinda womwe unayambira komweko. Azungu asanafike, m'mbali mwa Zambezi munali Aleya, anthu a mafumu Mukuni ndi Sekute. Iwowa anali akatswiri a mabwato, ndipo mathithiwo anali kuwacha Shungu Namutitima. Dzina lakuti Mosi-oa-Tunya, ndiko kunena utsi umene ugunda, linadza ndi Makololo, amene anacokera kumwera motsogozedwa ndi mfumu Sebitwane. Anthu a Sekeletu, mwana wa Sebitwane, ndiwo anapalasa bwato limene linafikitsa David Livingstone pa cisumbu ca pamphepete pa mathithi tsiku la 16 Novembala 1855. Iye anawacha dzina la Victoria, mfumukazi ya kwao.

Makilomita ngati 9 kumtunda kwa mathithi mtsinje ucepako m'mimba mwace, ndipo pamenepo panali dooko la anthu a Sekute. M'caka ca 1898 Mzungu wina dzina lace Frederick Clarke, amene anzace anali kumucha Mopane, anamanga pa dookolo nayamba nchito yoolotsa anthu, ngolo ndi katundu wopita ku Ulozi ndi kumpoto. Ena anamtsata, ogulitsa malonda, ogula ng'ombe ndi amishoni, ndipo kamudzi kameneko kanachedwa Old Drift. Malowo anali a cinyontho ndi odzala udzudzu. Malungo, makamaka aja a mkodzo wakuda, anapha anthu ambiri ndithu.

Lero pa Old Drift palibe nyumba ngakhale imodzi. Malowo ali m'kati mwa nkhalango yosungiramo nyama ya Mosi-oa-Tunya, momwe muyenda njobvu, njati, mbidzi ndi nyamalikiti. Cotsala ndi manda ocepa a Azungu oyambawo pansi pa mitengo, ena olembedwa maina, ena osalembedwa. Mlendo akaima pamenepo m'mawa, namva mvuu zirikulira m'madzi, azindikira msanga cimene cinacititsa akuru a Kampani ya British South Africa kufuna malo ena. Njanje itayandikira, anasankha mtunda wa mcenga kutali ndi madzi, ndipo m'caka ca 1905 anthu a ku Old Drift anasamutsidwira kumeneko, ngakhale ena mwa iwo anakana ndi kung'ung'udza. Ndico ciyambi ca mzinda wa Livingstone.

DZUWA LITAKWERA: ULALO WA CITSULO

Pocoka ku manda mlendo atsike ku ulalo dzuwa lisanatenthe. Ulalo umenewu ndiwo unabala mzinda. Cecil Rhodes, mwini maganizo a njanje yocokera ku Cape kunka ku Cairo, anafuna kuti sitima idzaoloke pafupi ndi mathithi kuti nthunzi ya madzi idzagwere pa mabogi. Iye anamwalira m'caka ca 1902 osauona. Koma cimene cinakoka njanje kudzera kuno cinali cuma ca pansi pa nthaka: malasha a ku Wankie, kumene tsopano ati Hwange, ndiponso mtobvu ndi zinki zimene zinapezeka ku Broken Hill m'caka comweco ca 1902.

Njanje yocokera ku Bulawayo inafika tsidya lija la mathithi m'caka ca 1904. Zitsulo za ulalo zinasulidwa ku Darlington, ku England, ndi kampani ya Cleveland Bridge, nizidza pa nyanja kufikira ku Beira, nizikwera sitima kufikira pa phompho. Amisiri anamanga kucokera mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo katundu wa tsidya lino anali kumuolotsa pa cingwe ca waya colenjekeka pamwamba pa cigwa. Mbali ziwirizo zinakomana pakati pa 1 Epulo 1905, ndipo ulalo unatsegulidwa pa 12 Sepitembala ndi Profesa George Darwin. Utali wace ndi mamita 198, ndipo uli mamita 128 pamwamba pa madzi. Maina a okonza mapulani ace, monga George Hobson, adziwika kufikira lero. Anthu akuda mazanamazana amene anasenza zitsulozo, nakwera nazo pa malo pomwe munthu akapenya pansi mutu ucita cizwezwe, angokumbukika ndi mau amodzi akuti anchito.

Kucokera pa ulalo njanje inathamangira kumpoto. Inapyola Kalomo, niidutsa pa kasiteshoni kakang'ono pafupi ndi mudzi wa nyakwawa Lusaaka, niifika ku Broken Hill m'caka ca 1906, ndi ku malire a Congo m'caka ca 1909. Pamene migodi yaikuru ya mkuwa inatsegulidwa ca m'ma 1930, malasha osungunulira mkuwa anali kukwera pa ulalo womwewu, ndipo mkuwa wa ku Nkana, Roan Antelope ndi Mufulira unali kutsikira pomwepo popita ku madooko a ku nyanja. Anthu nawonso anaoloka. Msonkho wa nyumba utayamba kuno m'caka ca 1904, amuna ambiri anadzera pa Livingstone kukafuna ndarama ku Wankie, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg, ena mwa kufuna kwao, ena mwa cibalo. Ambiri anasanduka machona, osabweranso. Pa ngozi yoopsya ya m'mgodi wa Wankie pa 6 Juni 1972, imene inapha anthu 427, ambiri mwa akufawo anali ocokera ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique.

Pafupi ndi mathithi, mbali ya Zambia, pali mwala wa cikumbutso ca nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Azungu a Northern Rhodesia amene anafa analembedwapo mmodzimmodzi ndi maina ao. Asilikari acikuda analembedwa monga ciwerengero cabe. Mlendo asunge cimeneci mumtima pokwera kunka ku tauni, cifukwa adzacionanso m'njira zina.

MSEU WAUKURU

Mseu waukuru wa mzinda, umene kale unali kuchedwa Mainway, tsopano uchedwa Mosi-oa-Tunya Road. Poyenda m'menemo ndi m'timiseu ta m'mbali mwace munthu aona kamangidwe ka masiku a Kampani. Nyumba ziri ndi makonde otakata ozungulira, madenga a malata otsetsereka kuti mvula isakhalitse, zipupa zazitali kuti mpweya wotentha ukwere, ndi mazenera ochingidwa ndi waya wosefa udzudzu. Masitolo ali ndi nsanamira kutsogolo, zogwira denga limene liphimba oyenda pansi. Omangawo anali ndi adani awiri m'maganizo: dzuwa la mwezi wa Okutobala ndi malungo amene anawathamangitsa ku mtsinje.

M'caka ca 1907 Kampani inacotsa boma lace la North-Western Rhodesia ku Kalomo nilikhazika kuno. M'caka ca 1911 dera limeneli linaphatikizidwa ndi North-Eastern Rhodesia, limene boma lace linali ku Fort Jameson, ndiko ku Chipata, ndipo Livingstone unakhala likulu la dziko lonse la Northern Rhodesia. Pa 1 Epulo 1924 Kampani inapereka dziko m'manja mwa Boma la Britain. Bwanamkubwa woyamba, Sir Herbert Stanley, anakhala kuno, ndipo Bungwe la Malamulo linasonkhana kuno nthawi yoyamba caka comweco. M'bungwemo munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi.

Nyumba za nthawi imeneyo zidziwitsa mitundu ya anthu amene anasonkhana m'tauni. Pali chalichi ca Anglican ca St Andrew, comangidwa m'zaka za 1910 ndi 1911. Pali chalichi cochedwa ndi dzina la François Coillard, mmishoni wa ku France amene anagwira nchito pakati pa Alozi namwalira m'caka ca 1904. Pali nyumba yakale ya bwalo lalikuru la milandu. Pali sunagoge wa Ayuda wa m'caka ca 1928, amene pambuyo pace anasanduka chalichi ca Akristu Ayudawo atacoka. Ambiri a iwo anacokera ku maiko a kum'mawa kwa Ulaya kuthawa umphawi ndi mazunzo. Ochuka mwa iwo anali abale awiri, Elie ndi Harry Susman, ocokera ku Lithuania, amene anafika ku Ulozi m'caka ca 1901 nayamba ndi malonda a ng'ombe. Banja lina la Ciyuda, la Grill, linamanga nyumba ya kanema ya Capitol m'caka ca 1931. Amwenye ocokera ku Gujarat anatsegula masitolo ao m'miseu ya kumbuyo, momwe anthu akuda anali kugula nsaru, mabulangete ndi njinga.

Munthu waphokoso koposa onse m'tauni anali Leopold Moore, wogulitsa mankhwala, amene anayamba nyuzipepala ya Livingstone Mail m'caka ca 1906. Iye analimbana ndi Kampani zaka zambiri, nalimbananso ndi Boma, koma ufulu umene anali kuumenyera unali wa Azungu okhazikika m'dziko. Nkhondo yace yomariza yaikuru inali yokana kuti likulu licoke mu Livingstone, ndipo imeneyo anagonja.

CAKA CA 1935

Migodi ya mkuwa itakula, akuru a Boma anaona kuti likulu liri kumapeto kwa dziko, kutali ndi cuma, m'cigwa cotentha. M'caka ca 1931, m'masiku a Bwanamkubwa Sir James Maxwell, anasankha Lusaka, cifukwa malowo ali pakati, ali pamtunda pozizira, ndipo miseu yaikuru ya kumpoto ndi ya kum'mawa ikomana ndi njanje m'dera lomwelo. Kusamuka kunacitika m'caka ca 1935, Sir Hubert Young ali Bwanamkubwa. Makalaliki, mabuku a Boma ndi mipando zinakwera sitima kunka ku Lusaka.

Anthu a ku migodi akumbukira caka cimeneci pa cifukwa cina. M'mwezi wa Meyi 1935 anchito acikuda a ku Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope analeka nchito pokwiya ndi kukwera kwa msonkho. Pa 29 Meyi, ku Luanshya, apolisi anaombera khamu napha anthu asanu ndi mmodzi. Sabata lomwelo ku Lusaka kunali madyerero otsegulira likulu latsopano. Kuyambira pamenepo nkhani zazikuru za dziko zinali kucitikira ku migodi ndi ku Lusaka, ndipo Livingstone unatsala m'mbuyo.

Apa ndipo pali yankho la funso loyamba lija. Mzinda wolemera ugwetsa nyumba zace zakale kuti umange zazitali, pakuti malo a pakati pa tauni akwera mtengo. Cotero zinacitika mu Cairo Road ku Lusaka ndi m'matauni a ku migodi. Ku Livingstone ndarama zomangira zatsopano zinali zocepa, ndipo eni nyumba anangopaka utoto, nasintha lata lodontha, nakhalamo. Umphawi umene amalonda a 1935 analira nao ndiwo unasunga zimene alendo adzera kudzaona lero.

Potonthoza mzinda, Boma linaupatsa nchito yina, yolandira alendo ndi kusunga zakale. Nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene tsopano ichedwa Livingstone Museum, inayamba m'caka ca 1934, ndipo nyumba yace ya nsanja ya koloko inatsegulidwa m'caka ca 1951. Ndiyo yakale ndi yaikuru koposa zonse za mtundu wace m'Zambia. Mlendo apatule maora awiri kuti aionetsetse. Muli zida za miyala za anthu akalekale, zambiri mwa izo zosonkhanitsidwa ndi Desmond Clark, amene anayang'anira nyumbayi zaka zoposa 20. Muli makalata olembedwa ndi dzanja la David Livingstone ndi katundu wace wina. Muli ng'oma, mikondo, misampha ndi zipangizo za mitundu ya m'dziko muno. Mulinso njinga yamoto imene Kenneth Kaunda anayenda nayo m'masiku omenyera ufulu.

Wa ku migodi adzaima nthawi pa cinthu cimodzi: cifanizo ca cigaza ca munthu wakale cimene anchito anafukula m'mgodi wa Broken Hill m'caka ca 1921. Akatswiri anapima m'caka ca 2020 napeza kuti mwini wace anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 300,000 zapitazo. Cigaza ceniceni cinatengedwa kunka ku London, ndipo Boma la Zambia lapempha kawirikawiri kuti cibwezedwe. Mbiri inasunga dzina la kapitao wacizungu, Tom Zwiglaar. Dzina la mnzace wakuda amene anali kukumba naye silinalembedwe.

MASANA: KU MARAMBA

Dzuwa likafika pa liwombo mlendo asiye miseu ya makonde napite ku msika wa Maramba. Kumeneko adzadya nsima ya nsomba za mu Zambezi, nadzamva Citonga, Silozi, Cinyanja ndi Cibemba zirikusakanizika. Kumeneko kulinso yankho la funso laciwiri. Oumba njerwa, ophika, ocapa, amtengatenga, anchito a njanje ndi makalaliki acikuda sanali kuloledwa kukhala m'nyumba za makonde zija, koma m'timanyumba ta kumbuyo kwa mabwana ao kapena m'makomboni monga Maramba, Libuyu ndi Linda. Munthu wakuda anayenera kuyenda ndi citupa, ndipo usiku sanayenera kupezeka m'tauni wopanda kalata. M'masitolo ambiri a Azungu ndi m'mabuchala anali kugula pa kazenera ka pambali, osalowa pa khomo, osasankha yekha nyama imene afuna. Tsankho la m'malo odyera ndi m'nyumba za kanema linaletsedwa ndi lamulo m'caka ca 1960, zaka zinai zokha ufulu usanadze.

Nyumba zoyamba za m'makomboni zinali za mitengo, dothi ndi udzu, ndipo zinatha kalekale. Cifukwa cace munthu woyenda m'tauni aona mbali imodzi yokha ya mzinda wakale, mbali ya amene anali ndi njerwa zooca. Koma m'makomboni momwemo ndimo munabadwa cinthu cimene cinakula kuposa Boma la atsamunda. Ca m'ma 1930 makalaliki ndi anthu ena ophunzira anakhazikitsa bungwe la Livingstone Native Welfare Association. Pakati pa oliyambitsa panali Isaac Nyirenda ndi Edward Tembo, ocokera ku Nyasaland. Anali kusonkhana ataweruka nchito, nalemba madandaulo ao kwa Boma mwaulemu, pa nkhani ya zitupa, ya kagulidwe m'masitolo, ndi ya cipongwe cimene munthu wakuda anali kukomana naco m'miseu ya dziko lace.

Mabungwe otere anabuka m'matauni ena a m'njanje. M'caka ca 1946 anagwirizana pa msonkhano wa ku Broken Hill, ndipo m'caka ca 1948 cigwirizanoco cinasanduka Congress, imene Harry Nkumbula anayamba kutsogolera m'caka ca 1951. M'caka comweco ca 1948 anthu akuda awiri oyamba, Nelson Nalumango ndi Mbusa Henry Kasokolo, analowa m'Bungwe la Malamulo lija limene linayambira mu Livingstone. Ufulu utadza pa 24 Okutobala 1964, maina ambiri acizungu anasinthidwa. Broken Hill inakhala Kabwe, Fort Jameson inakhala Chipata, Abercorn inakhala Mbala, Bancroft inakhala Chililabombwe. Dzina la Livingstone linasiyidwa, cifukwa atsogoleri anamuyesa mmishoni wodana ndi malonda a akapolo. Koma bwalo la ndege la mzindawo lichedwa tsopano ndi dzina la Harry Mwaanga Nkumbula.

DZUWA LITAPENDEKA: NYUMBA YA MASITIMA

Malo otsiriza ndi nyumba yosungiramo masitima akale, pomwe panali mashedi a kampani ya Zambezi Saw Mills. Kwa zaka zambiri kampani imeneyi ndiyo inalemba anthu ambiri nchito m'dera lino. Inali kudula mitengo ya mukusi m'nkhalango za kumadzulo, niiceka matabwa oyala pansi pa njanje, a m'migodi ndi a pansi m'nyumba. Potsata mitengoyo inamanga njanje yaceyace yopita ku Mulobezi, mtunda woposa makilomita 160. Mitengo imene itenga zaka zambirimbiri kuti ikule inadulidwa msanga kuposa m'mene ikanaphukiranso. Lero mitu ya sitima za malasha iri ndii pabwalo, yina ya dzimbiri, yina yopakidwa utoto, ndipo ana a sukulu akwerapo. M'malo omwewo muli cipinda cofotokoza mbiri ya Ayuda a m'Zambia.

Mzinda unaona masiku ena okoma pambuyo pa 1935. M'caka ca 1947 Mfumu George VI inadza kuno niionana ndi Litunga Imwiko wa Alozi. Ndege zotera pa madzi zinali kutera pa Zambezi, ndipo m'caka ca 1952 ndege ya Comet, yoyamba ya mtundu wa jeti kunyamula anthu, inali kuima pa Livingstone popita ku Johannesburg kucokera ku London. Ufulu utadza kunamangidwa mafakitale olumikiza galimoto za Fiat, opanga mawailesi ndi oomba nsaru.

Koma ulalo umene unabala mzinda unautengeranso mabvuto. Ian Smith atalanda ulamuliro wa Rhodesia m'caka ca 1965, Zambezi anasanduka malire a udani. Mu Januwale 1973 Smith anatseka malire, ndipo pamene anafuna kuwatsegulanso Kaunda anakana. Mkuwa unafunafuna njira zina, makamaka njanje ya TAZARA ya makilomita 1,860 yocokera ku Kapiri Mposhi kunka ku Dar es Salaam, imene inatha m'caka ca 1975 ndi thandizo la China. Pa 25 Ogasiti 1975 bogi la sitima linaimikidwa pakati peni peni pa ulalo. Smith anakhala mbali ya Rhodesia, ndipo Abel Muzorewa, Joshua Nkomo ndi Ndabaningi Sithole anakhala mbali ya Zambia, pamaso pa Kaunda ndi John Vorster wa South Africa. Zokambiranazo zinalephereka. Njira ya kumwera inatsegukanso m'caka ca 1978, koma alendo anali atathawa kale. M'zaka za m'ma 1990 mafakitale aja anatsekedwa, ndipo anthu ambiri anakhala pa ulova. M'caka ca 2011 Pulezidenti Michael Sata analengeza kuti likulu la cigawo ca Kumwera lisamukira ku Choma, ndipo Livingstone unalandidwa ukuru kaciwiri.

ZA KUSUNGA NYUMBA ZAKALE

Cimene cinadzutsanso mzinda ndi mathithi. M'caka ca 1989 bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi, ndipo m'caka ca 2013 Livingstone pamodzi ndi tauni ya Victoria Falls ya ku Zimbabwe analandira msonkhano waukuru wa maiko wa za ulendo. Mahotela atsopano amangidwa, ndarama zayambanso kulowa. Pamenepa ndipo pali ngozi ya nyumba zakale, pakuti zimene umphawi unasunga cuma cingathe kugwetsa. Lamulo la m'caka ca 1989 linaika citetezo pa zomangidwa caka ca 1924 cisanafike, koma lamulo siliphera ciswe, ndipo nyumba zina zochuka, monga hotela yakale ya North-Western, zinakhala zaka zambiri zosasamalika.

Alipo anthu onena kuti nyumba zimenezi nza atsamunda, zigwe. Mau ao amveka, pakuti makolo a ambiri anaimitsidwa pa kazenera m'miseu yomweyi. Koma njerwa zija zinaumbidwa ndi Aleya, Atonga, Alozi ndi anthu ocokera kum'mawa, ndipo popeza nyumba zao za udzu zinatha, nchito ya manja ao ndiyo umboni wokha umene unatsala. Mwana wobadwira ku Kitwe kapena ku Chingola akauzidwa za citupa ndi za kazenera ayesa nthano. Akaima pa khonde la sitolo yakale, napenya kutalika kwa njira yocokera pamenepo kunka ku Maramba, amvetsa.

Dzuwa likamalowa mlendo abwerere ku siteshoni ya basi. Akapenya kumwera m'miyezi ya Marichi ndi Epulo, pamene Zambezi ali wodzala, aona utsi wa mathithi uli tolo pamwamba pa madenga a malata, monga momwe opalasa a Sekute anali kuuonera mzinda usanakhalepo. Basi itsata njanje kudzera ku Kalomo, Choma, Lusaka ndi Kabwe, njira yomwe inayenda malasha oyamba, ndipo wa ku migodi afika kwao dzuwa la mawa lace litakwera.